Swani wakuda wa ku Australia ndi nkhani ya damu lakuya

Namzeze:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa ndi la swani wakuda, mbalame ya khosi lalitali ija ya ku Australia imene anthu amakonda kuiika pa madamu a m'mahotela ndi m'mapaki. Ena amati ndi swani woyera yemweyo, kungoti nthenga zinada. Ena amati ndi mtundu wa tsekwe. Zoona ndi ziti? Chachiwiri, damu lakuya mamita 3, lowakidwa simenti m'mbali monse, lingasunge aswani awiri bwinobwino? Chonde manambala, osati zongomva.

Vuwo:
Zikomo a Namzeze. Ndi mtundu pawokha, dzina la sayansi ndi Cygnus atratus, ndipo amene analemba za mtunduwu koyamba m'mabuku a sayansi ndi John Latham mu 1790. Ndi wa banja limodzi ndi abakha ndi atsekwe, koma kuno kum'mwera kwa Sahara kulibe swani wachilengedwe ngakhale mtundu umodzi, n'chifukwa chake tilibe dzina lakelake. Mukamuona pa damu la kuno, dziwani kuti wabwera ndi munthu.

Kutalika kuchokera kumlomo mpaka kumchira ndi masentimita 110 mpaka 142. Mapiko akatambasula amafika mita 1.6 mpaka mamita 2. Kulemera kumayambira makilogalamu osakwana 4 kwa wamkazi wamng'ono, kufika 9 kwa wamwamuna wamkulu. Mlomo ndi wofiira, uli ndi kamzere koyera chakunsonga. Miyendo ndi yotuwa modera. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti si wakuda yense: nthenga zazitali zoulukira ndi zoyera mbee, kungoti akakhala pamadzi amazibisa. Akangouluka mumaziona kutali.

Chiswankhono:
Onjezanipo nthenga zopotanapotana za pamsana, kumapeto kwa mapiko. Wamwamuna ndi wamkazi onse amakhala nazo, ndipo akafuna kuopseza mnzake amazitutumutsa khosi litaima njo. Poyerekeza ndi tsekwe wathu wamkulu uja wa chikhadabo paphiko, kulemera kwake n'kofananirako, koma tsekwe ali ndi miyendo yaitali yoyendera pamtunda, pomwe swani miyendo ndi yaifupi, inakhala chakumbuyo. Pamtunda amayenda movutikira. Zimenezi muzikumbukire tikafika pa simenti ija.

Mphipi:
Ine ndingolunjika pa damulo, chifukwa yankho lake ndi lomwe likufotokoza mbalame yonseyi. Damu lakuya mamita 3 kwa swani wakuda lili ngati nkhokwe yotseka. Chakudya chilimo mwina, koma sangachifikire.

Swaniyu samira ngati bakha womira uja. Amadya m'njira zitatu. Amatola zoyandama pamwamba. Amamiza khosi lokha thupi likuyandama. Akafuna kufika patali amazondoka, mchira m'mwamba, khosi lonse pansi. Ngakhale atazondoka chotero, malire ake ndi pafupifupi mita imodzi. Khosi lake lili ndi mafupa opitirira 20, pomwe ife tili ndi 7, ndipo mwa aswani onse iyeyu ndiye wa khosi lalitali kwambiri poyerekeza ndi thupi, komabe mita imodziyo ndiye pothera.

Chimene amadya ndi zomera za pansi pa madzi: Vallisneria, udzu wa masamba aatali ngati maliboni, Potamogeton, Myriophyllum, Ruppia, ndere, komanso mphukira za njedza. M'malo amene mtsinje ukumana ndi nyanja yamchere amadya udzu wa m'nyanja wotchedwa Zostera. Zomera zimenezi zimamera pamene kuwala kwa dzuwa kumafika pansi. Choncho pafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: madzi osaya, komanso oyera mokwanira kuti udzuwo umere. Chimodzi chikasowa, mbalame imachoka, ndipo ngati singauluke imaonda.

Namzeze:
Ndiye kuti nsomba sadya? Poti damu likakhala ndi chambo anthu amaopa.

Mphipi:
Sasaka nsomba ayi. Tizilombo ndi tinkhono amameza mwangozi pamodzi ndi udzu basi. Vuto la chambo ndi lina: mitundu ya nsomba yodya udzu, monga chilunguni, imalimbirana naye chakudya chomwecho, ndipo nsomba zofukula matope zimavundula madzi udzu n'kuleka kumera.

Vuwo:
Zimene akunena a Mphipi zinachitikadi pamaso pa anthu ku New Zealand. Aswani akuda anawapititsa kumeneko m'chaka cha 1864, ndipo anachulukana mwamsanga. Nyanja ya Ellesmere, imene Amaori amaitcha Te Waihora, kufupi ndi Christchurch, ndi yotakata koma yosaya, kuya kwake pakatikati ndi mita 1.4. Pansi pake panali podzaza udzu wa Ruppia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 panyanjapo pankakhala aswani pafupifupi 70,000.

Pa 10 April 1968 kunawomba mkuntho woopsa, womwe unamiza sitima ya Wahine padoko la Wellington. Mkuntho womwewo unazula udzu wa pansi pa Ellesmere n'kuuunjika kugombe. Popanda mizu yogwira matope, mphepo iliyonse inkavundula nyanja, kuwala kunaleka kufika pansi, udzu sunabwerere monga kale. Aswani anafa ndi njala, ena anasamuka, kuswana kunalephereka zaka zotsatizana, mpaka anatsala cha m'ma 10,000. Kuya kwa nyanja sikunasinthe. Chinasowa ndi udzu wokha.

Chiswankhono:
Achimwene, mwaiwala kuti ku New Zealand kunali swani wakewake kalelo. Kafukufuku wa DNA ya mafupa akale, wa ku University of Otago mu 2017, anaonetsa kuti unali mtundu wina, wolemera kuposa wa ku Australia, wa miyendo yaitali ndi mapiko aafupi. Unatha anthu atafika pazilumbazo. Ndiye wa lero uja analowa m'malo osiyidwa, n'chifukwa chake anakhazikika mosavuta. Kumeneko mpaka pano amaloledwa kusakidwa pa nyengo yake, pomwe ku Western Australia ali pa mbendera.

Vuwo:
Zoona. Pa mbendera, komanso pa sitampa yoyamba ya chigawocho ya mu 1854. Mtsinje wa Swan umene uli mumzinda wa Perth anautcha dzinali ndi Willem de Vlamingh wa ku Netherlands mu January 1697, ataona mbalamezi, ndipo anagwirako zingapo n'kupita nazo ku Batavia, mzinda umene lero ndi Jakarta ku Indonesia. Eni dera, anthu a mtundu wa Noongar, mbalameyi ankaitcha kale maali. Azungu ndiwo ankakhulupirira kuti swani aliyense ndi woyera.

Nantchengwa:
Tibwerere kumadzi, poti nkhani ya chisa nayonso yagona pa kuya komweko. Swani wakuda alibe ulendo wa chaka ndi chaka wodziwika ngati adokowe. Amatsata madzi. Mkati mwa Australia mvula ikagwa yambiri, zigwa zouma n'kusanduka matawale, amafika, kawirikawiri akuuluka usiku ali pamzere, akulira ngati lipenga. Madzi akaphwa amabwerera chakugombe. Kum'mwera kwa dzikolo amaikira kwambiri kuyambira June mpaka September, chifukwa kumeneko nyengo yozizira ndiyo ya mvula. Kumpoto amaikira chakumayambiriro kwa chaka, dzinja likamatha. Chimene chimawauza si kalendala, ndi kukwera kwa madzi ndi kuchuluka kwa udzu. N'chifukwa chake owetedwa ku Ulaya amatha kuikira pakati pa chisanu, ena kawiri pachaka.

Chisa ndi mulu wa bango, njedza ndi udzu, mulifupi mita imodzi mpaka imodzi ndi theka, ndipo msinkhu ukhoza kufika mita imodzi ukawerengera za pansi pa madzi. Amachimanga m'madzi osaya kapena pa kachilumba. Onse awiri amamanga, akuzula zomera zowazungulira n'kumaponya chakumbuyo, moti pozungulira chisa pamatsala bwalo la madzi loyera. Chisa chabwino amachikonzanso chaka chotsatira. Aswani a mitundu ina kawirikawiri banja lililonse limakhala palokha, koma wakudayu pamalo a chakudya chambiri amamanga zisa mazanamazana moyandikana.

Mazira ndi 4 mpaka 8, kawirikawiri 5 kapena 6, obiriwira motuwa, limodzi lolemera pafupifupi magalamu 260, ngati mazira a nkhuku anayi ndi theka. Amakhalira masiku 35 mpaka 40. Wamwamuna amakhalira nawo mokwanira, makamaka masana, wamkazi usiku, zimene aswani oyera a ku Ulaya sachita kwenikweni.

Chiswankhono:
Zachisa tikusiyirani inuyo a Nantchengwa, dzinalo likukuyenerani. Koma masiku 35 mpaka 40 ndi otambalala kwambiri kwa munthu woika mazira m'makina. Kusiyanako kumabwera chifukwa cha tsiku limene mwayambira kuwerenga. Wamkazi amaikira dzira limodzi pa tsiku kapena masiku awiri, ndipo kukhalira kwenikweni kumayamba mazira akatsala pang'ono kukwana. Mukawerenga kuyambira dzira loyamba mupeza 40 n'kupitirira. M'makina yembekezerani cha m'ma 36.

Kachitidwe kake nkofanana ndi mazira a tsekwe woweta. Makina okhala ndi fani akhale pa madigiri 37.5. Dzira ligone cham'mbali, osaliimika. Litembenuzeni kosachepera katatu patsiku, ndipo chiwerengero chikhale chosagawika pawiri, 3 kapena 5, kuti lisagonere mbali imodzi usiku uliwonse. Chinyontho chiyambire pa 50 mpaka 55 peresenti, koma musakhulupirire kamita ka pamakina, khulupirirani sikelo. Dzira liyenera kutaya pafupifupi 14 peresenti ya kulemera kwake pofika tsiku loboola chikamba. La magalamu 260 litaye cha m'ma 36, ndiko kuti galamu imodzi patsiku. Liyezeni masiku 5 aliwonse, lembani ndi pensulo pachikamba. Likamataya pang'ono, chepetsani madzi m'makina. Mukapanda kutero mpata wa mpweya wa mkati mwa dzira kumbali yake yaikulu umakhala waung'ono, mwana amatupa madzi, amalephera kutembenuka ndipo amafera m'dzira atakhwima kale. Likamataya kwambiri, mwana amauma n'kumatirira ku kachikopa ka mkati.

Pa tsiku la 10 unikani ndi tochi yamphamvu mumdima. Chikamba ndi chochindikala, koma mitsempha imaoneka. Lopanda kanthu lichotseni lisanaphulike. Kuyambira pamenepo tulutsani mazira mphindi 10 mpaka 15 patsiku kuti azizire pang'ono, kenako wazani madzi ofunda, kutsanzira kholo lobwera kuchokera kumadzi. Masiku atatu omaliza lekani kutembenuza, kwezani chinyontho kufika 70 mpaka 75, ndipo musamatsegule. Kuchokera poboola mpaka kutuluka kumatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri. Osamuthandiza mopupuluma, mitsempha ya kachikopa ikadali ndi magazi.

Nantchengwa:
Zonsezo n'zoona, koma ine ndingati makina akhale njira yomaliza. Makolo amaswa bwino kuposa makina, ndipo magetsi akathima maola 6 pa sabata yomaliza ntchito yonse yapita. Chofunika n'kuteteza chisa. Chimene chimapha mazira ambiri m'chilengedwe ndi kusintha kwa madzi: akakwera mwadzidzidzi chisa chimamira, akaphwa chisa chimatsala pamtunda nkhandwe n'kufikapo wapansi. Nkhandwe zofiira zija anazibweretsa ku Australia ndi Angerezi, ndipo ndi mdani wamkulu wa zisa. Pa damu lopangidwa, pangani chiphaka choyandama cha mamita 2 mbali zonse, chomangidwa ku nangula ndi chingwe chotalika kuposa kuya kwa madzi akadzaza, chokhala ndi potsetserekera mbali imodzi. Ikanipo udzu wouma bwino, osati wochita nkhungu.

Kakowa:
Pa udzu wa nkhunguwo ndilowererepo, poti ndi imodzi mwa njira zinayi kapena zisanu zimene aswani owetedwa amafera, ndipo zonse ndi zopeweka.

Nkhungu ya pa udzu wonyowa kapena chakudya chovunda imayambitsa matenda otchedwa aspergillosis. Imamera m'mapapo ndi m'matumba a mpweya. Mbalame imapuma mlomo uli yasa, mawu amasasa, imaonda. Ikafika poonekera kuchiza n'kovuta. Thumba la chakudya likhale pa matabwa, osati pa simenti, ndipo chotsala m'mbale chitayidwe tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi botulism, nthenda ya poizoni yolefula thupi, ndipo iyi ndi ya madamu osayenda madzi nthawi yotentha. Bakiteriya wa Clostridium botulinum, mtundu C, amakhala m'matope. Kukatentha, mpweya n'kuchepa m'madzi, pakapezeka chowola monga nsomba yakufa kapena mbalame, amatulutsa poizoni. Mphutsi zodya mtembowo sizifa nayo, zimangoisunga, ndiye mbalame ikameza mphutsi zochepa chabe yatenga. Imayamba kulephera kuyenda, kenako mapiko amalendewera, kachikope ka mkati kamaleka kuphethira, pomaliza khosi limagwa. Swani ali pamadzi, khosi likagwa amamira. Chochita: mutulutseni m'madzi, muikeni pamthunzi, mutu muutsamiritse pa chinthu chofewa kuti ukhale pamwamba, ndipo madzi apatsidwe ndi kapaipi kofewa ndi munthu wodziwa, chifukwa kumuthira m'kamwa kumalowetsa madzi m'mapapo. Ambiri amachira ngati apezeka msanga. Mitembo yonse itoledwe m'mawa uliwonse, ikwiriridwe mozama kapena kuwotchedwa.

Chachitatu ndi mtovu. Swani amameza timiyala tothandiza nthutumba kupera udzu, ndipo sasiyanitsa kamwala ndi kamtovu kolemeretsera mbedza kapena chipolopolo cha mfuti. Nthutumba imapera mtovuwo, umalowa m'magazi. Chizindikiro chodziwika ndi khosi lopindika chakumunsi, logonera pamsana, ndi zitosi zobiriwira kwambiri. Kutsimikiza ndi X-ray ndi kuyeza magazi, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa calcium EDTA woperekedwa ndi dokotala wa ziweto. Ku Britain analetsa timitovu ta mbedza ta pakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35 mu 1987, ndipo aswani oyera amene anali kutha pa mitsinje ngati Thames anachulukanso. Pa damu la aswani pasamaweredwe ndi mtovu, ndipo ikani mbale ya mchenga wokhakhala kuti asamafune timiyala pansi.

Namzeze:
Mayi Kakowa, nanga buledi? Paliponse pali aswani anthu amaponya buledi, ndipo ndimamva kuti ndi amene amapinda mapiko.

Kakowa:
Limenelo ndi phiko lopindikira kunja, Angerezi amati angel wing. Nthenga zoulukira zikamamera zimakhala zodzaza magazi, zolemera. Mwana akamakula mofulumira kuposa mphamvu ya mfundo ya kumapeto kwa phiko, nsongayo imapotokera kunja. Chimene chimakulitsa mofulumira ndi chakudya champhamvu kwambiri, chopanda masamba okwanira, kwa mbalame yosayenda mokwanira.

Mphipi:
Apa ndikutsutsaniko pang'ono anthu amene amaloza buledi yekha. Pa mbalame zowetedwa, wolakwa kawirikawiri ndi chakudya cha nkhuku zanyama chija cha mapuloteni 22 peresenti kupita m'mwamba, choperekedwa kwa miyezi. Buledi kuipa kwake kwina: amakhutitsa popanda zofunika m'thupi, ndipo wotsala amawola m'madzi n'kudyetsa ndere ndi bakiteriya amene a Kakowa atchula.

Kakowa:
Sitikusiyana achimwene. Zonse ziwiri n'chakudya chosayenera mbalame yodya udzu. Ndondomeko ya ana ndi iyi. Masabata awiri kapena atatu oyamba, chakudya cha ana a abakha cha mapuloteni 18 mpaka 20 peresenti. Kenako tsitsani kufika 15 kapena 16. Masamba ayambe tsiku lachiwiri: letesi wodula bwino, udzu wanthete, timasamba toyandama tija ta m'zithaphwi, zoikidwa m'madzi osaya. Ngati chimene chilipo ndi cha anapiye a nkhuku, chili ndi vitamini wotchedwa niacin wochepa kwa mbalame za m'madzi, ndipo miyendo imakhota n'kutupa m'mfundo. Onjezerani yisiti youma ya mowa ija, supuni yaikulu imodzi pa kapu ya chakudya.

Phiko likayamba kupotoka mwana akadali kukula, lipindeni mmene limakhalira, mangani ndi bandeji yosamata nthenga kwa masiku 3 mpaka 5, masulani muone, bwerezani ngati pafunika. Osapitirira masiku amenewo osamasula, mfundo imauma. Mafupa akakhwima palibenso chochita.

Chiswankhono:
Ana oswedwa m'makina ali ndi msampha wina. Amatuluka ndi ubweya wotuwa, ndipo amene ali ndi makolo amasambira tsiku lachiwiri, kutopa akakwera pamsana pa kholo n'kufundidwa. Wa m'makina alibe womuumitsa. Akasambira nthawi yaitali ubweya umanyowa, amazizidwa, amafa. Sabata yoyamba kutentha pansi pa nyale kukhale madigiri 32 mpaka 35, muzitsitsa 3 sabata iliyonse. Kusambira kukhale kwa mphindi zochepa m'beseni la madzi ofunda, munthu ali pomwepo. Pansi pasakhale poterera ngati nyuzipepala, miyendo imatang'adza. Amayamba kuuluka pa miyezi 5 mpaka 6, ndipo wachaka choyamba mumamudziwa ndi nthenga zofiirira komanso nsonga zakuda pa nthenga zoyera zija.

Nantchengwa:
Ana akamakwana miyezi 6 kupita m'tsogolo, kapena makolo akayamba kukonza chisa china, achotseni. Bambo amawapirikitsa, ndipo pa damu laling'ono, mwana wodulidwa nthenga alibe kothawira. Wamwamuna amakwera pamsana pa mdani n'kumumiza mutu. Amachita zomwezo kwa ana a abakha. Lamulo losavuta: damu laling'ono, banja limodzi.

Pa nkhani ya banja, amakhala awiriawiri zaka zambiri, koma kafukufuku wa pa nyanja ya Wendouree mumzinda wa Ballarat ku Australia anapeza kuti ana pafupifupi 15 pa 100 alionse bambo wake anali wina. Ku Albert Park mumzinda wa Melbourne akatswiri a University of Melbourne amawaveka zibangili za manambala m'khosi kuti aziwatsata mmodzimmodzi. Kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi ndi maso n'kosadalirika pokhapokha ali pamodzi, pamene wamwamuna amaoneka wamkulu, wa khosi lalitali. Wogula awiri ayezetse nthenga ku labu, apo ayi akhoza kudikira mazira kwa amuna okhaokha, omwenso amamanga chisa limodzi bwinobwino.

Namzeze:
Tsono damu lija tilitani? Kapena tingolisiya?

Mphipi:
Likhoza kukonzeka. Pakati pakhale pakuya momwemo, zimathandiza kuti madzi asatenthe msanga. Koma gawo limodzi mwa magawo atatu lidzazidwe miyala ndi dothi kuti kuya kukhale masentimita 30 mpaka 90, ndipo mubzalemo udzu wa pansi pa madzi. Utchingeni ndi waya miyezi ingapo uyambe wagwira, chifukwa aswani awiri amazula wonse usanamere. Namasupuni musaikemo ngakhale pang'ono: amaphimba madzi, amapha udzu wapansi, ndipo swani sapindula naye.

Khoma la simenti loima chilili ligumulidwe mbali ziwiri, pakhale potsetsereka pang'onopang'ono, mita imodzi yotsika pa mamita atatu kapena anayi oyenda. Wamkulu amavutika kukwera khoma, mwana sangakwere n'komwe. Simenti yokhakhala imanyula mapazi, chilonda n'kulowa bakiteriya, phazi limatupa chotupa cholimba chimene chimafuna opaleshoni. Potulukira pakhale udzu kapena mphasa ya labala. Pamtunda pakhale kapinga wofupika, amadya ngati tsekwe. Chakudya chowonjezera, monga tirigu kapena cha abakha, chiikidwe m'mbale m'mphepete mwa madzi, chongokwana kumaliza pa mphindi 15 mpaka 20. Zitosi ndi zambiri, choncho madzi azilowa ndi kutuluka, apo ayi damu lisanduka phala lobiriwira pofika October.

Chiswankhono:
Ndipo kuno adani ndi ena. Ng'azi imamaliza mazira chisa chonse, katumbu ndi mlamba waukulu amatenga ana, nsato ndi agalu amagwira wamkulu. Nyengo yoopsa ndi yothothoka nthenga. Kamodzi pachaka nthenga zonse zoulukira zimagwa pamodzi, mbalame imakhala pafupifupi mwezi osauluka. Kwawo nthawi imeneyi amasonkhana masauzande pakati pa nyanja zikuluzikulu. Pa damu laling'ono chitetezo chake ndi mpanda ndi chiphaka chija basi.

Kudula nthenga kuchitike nthenga zatsopano zikakhwima: zoyera zazitali zija 8 mpaka 10, phiko limodzi lokha, kuti akayesa kuuluka apendekeke. Yang'anani tsinde la nthenga. Likakhala lakuda, lofewa, muli magazi, musadule. Zimamera chaka chilichonse, ndiye ndi ntchito ya chaka ndi chaka. Pomugwira, yambani mwapanikiza mapiko kuthupi, mumukumbatire m'khwapa mutu utaloza kumbuyo, dzanja lina litagwira khosi mosafinya. Osamunyamula ndi khosi kapena miyendo.

Vuwo:
Kudulako si nkhani yongoopa kutaya ndalama. Othawa pa madamu akhala akuswana okha ku Netherlands ndi ku England, ndipo akakumana ndi swani woyera amatha kubereka ana osakanizika. Ku Australia kugulitsa kunja mbalame zamoyo zachilengedwe n'koletsedwa, ndiye onse ogulitsidwa m'maiko ena ndi zidzukulu za owetedwa kale. Ku France anayamba kuswana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 pa munda wa Joséphine, mkazi wa mfumu Napoleon, ku Malmaison. Wofuna kulowetsa m'dziko lililonse ayambe wapeza chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto ndi a zanyama zakutchire.

Kakowa:
Ndipo chifukwa chachikulu cha chilolezocho ndi matenda amene ndinawasungira kumapeto, chimfine cha mbalame. Pa mbalame zonse za m'madzi, swani wakuda ndi mmodzi mwa ofooka kwambiri ku mtundu woopsa uja wa H5. Abakha akutchire ena amanyamula kachilomboka osadwala kwenikweni. Swani wakuda amafa pa masiku awiri kapena atatu. Kumapeto kwa 2016 ku Japan, anayamba kufa ndi mtundu wa chimfinechi wotchedwa H5N6 kumalo osungira nyama ku Akita ndi ku Nagoya ndi iwowa. Mu November 2020 tauni ya Dawlish ku England, imene chizindikiro chake ndi swani wakuda, inataya angapo. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi University of Queensland, wofalitsidwa mu 2023, anayerekeza chibadwa chake ndi cha swani woyera, ndipo anapeza kuti wakudayu akusowa zina mwa zida zozindikirira mavayilasi, komanso kuti kachilomboka kamalowa m'maselo a mitsempha ya magazi n'kuyambitsa kutupa kosaletseka.

Si nkhani ya kutali. Mtundu wina wa chimfinechi, H5N8, unafika ku Zimbabwe ndi South Africa mu 2017. Damu lotseguka limakoka abakha ndi atsekwe akutchire, makamaka ngati chakudya chikumwazidwa pansi. Zizindikiro ndi kusambira mozungulirazungulira, kupotoza khosi, kunjenjemera mutu, kapena kungopezeka wafa dzulo lake ali bwino. Kusiyana kwake ndi botulism n'kwakuti ya botulism mbalame imalefuka koma nzeru zili bwino, pomwe ya chimfine imaoneka yosokonezeka. Komabe musadalire maso. Mtembo usagwiridwe ndi manja, valani magolovesi ndi chophimba kukamwa, uikeni m'mapepala apulasitiki awiri, dziwitsani ofesi ya zaumoyo wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo pasatuluke nkhuku, mazira kapena manyowa pamalopo mpaka zotsatira zitabwera.

Namzeze:
Nanga ogulidwa kumene, mpaka liti asanalowe pa damu?

Kakowa:
Masiku 30 m'khola lapadera lofoleredwa pamwamba kuti zitosi za mbalame zouluka zisagweremo, lokhala ndi beseni lakuya mokwanira kumiza mutu wonse, madzi osinthidwa tsiku ndi tsiku. Nsapato ndi mbale za kholalo zisapite kwina. Pa masiku amenewo yezetsani zitosi kuti muone njoka za m'mimba, makamaka za m'nthutumba, ndipo muziwayeza pa sikelo sabata iliyonse, chifukwa nthenga zimabisa kuonda. Papasani fupa la pachifuwa: likamamveka lakuthwa ngati mpeni, mbalameyo isalowe pa damu.